Chitini Chachiwiri

"Ndani wathirira chitini chachiwiri?"

Ana makumi anayi ndi awiri a kalasi ya setima, yachisanu ndi chiwiri, anangoti chete, maso pansi, ena akukanda desiki ndi chikhadabo. Mércia, mphunzitsi wawo wa sayansi, anabwereza funsolo m'Chipwitikizi, ngati kuti chavuta ndi chilankhulo. Mwera unalowa pakhomo lopanda chitseko n'kugwedeza pepala la malamulo limene linali pakhoma.

Zitinizo zinali pansi, kutsogolo kwa bolodi, mizere iwiri. Mwana aliyense anali ndi ziwiri. Masiku asanu ndi anayi apitawo Mércia anawagawira njere za khobwe, zisanu za m'chitini choyamba, zisanu za m'chachiwiri, mchenga wake wofanana, woyanika padzuwa. Choyamba chizithiriridwa tsiku ndi tsiku, chachiwiri chisalawe ngakhale dontho. Anawauza katatu, analemba pabolodi, anawalembetsa m'makope. Zitinizo anapita nazo kwawo chifukwa mbuzi za pasukulupo zimadziwa nthawi yoweruka kuposa ana. Cholinga chinali chakuti aone ndi maso awo kuti popanda madzi mbewu simera.

Tsopano linali Lachitatu, ndipo mizere yonse iwiri inali biriwiri. M'zitini zina khobwe wa mzere wachiwiri ndiye anali wamtali kuposa wa woyamba.

"Ireni," anatero Mércia. "Ndiwe mkulu wa kalasi, ndipo chako chamera. Wathirira ndani?"

Ireni anaimirira pang'onopang'ono, akukoka siketi.

"Si ine, a Pulofesora."

"Chinadzithirira chokha?"

"Ndi amayi."

"Sunawauze?"

"Ndinawauza. Anati amva. Ndinabisa kuseri kwa nkhokwe, anachipeza. Ndinabisa pansi pa bedi, anachipeza. Anati pakhomo pawo sipafera mbewu iwo akuona."

Apo pakamwa panatseguka. Kwa wina anali agogo. Kwa wina azakhali, amene ankathira madzi otsukira mpunga. Mnyamata wina kumbuyo anati kwawo bambo anawonjezeramo ndi manyowa a nkhuku, poona kuti mchenga wa a Pulofesora ndi wosabereka. Kalasi inaseka, koma itaona nkhope ya Mércia inameza kusekako.

"Nanga m'makope mwalemba chiyani?"

"Zimene taona, a Pulofesora," anayankha onse pamodzi.

Anatenga kope la Ireni. Tsiku lachinayi, chitini chachiwiri chamera. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, masamba awiri. Anatenga lina, chimodzimodzi. Analemba mwaukhondo, mizere yowongoka, masiku osadumpha. Chiyambire chaka, aka kanali koyamba kuti kalasi yonse isunge lamulo limodzi popanda wotsala.

Pepala la malamulolo analilemba yekha mu Febuluwale. Poyamba malamulo anali khumi ndi anayi, okopera m'kope lake la kukoleji: kuvala magalasi oteteza maso, kuvala nsapato zotseka zala, kudziwa pamene pali chozimitsira moto. Atayang'ana mapazi a anawo, ena a patapata ena opanda nsapato, ndi denga limene limaonetsa mitambo, anafufuta mpaka anatsala asanu. Asanuwo ndiye anawagwira ngati ng'ona yagwira mbuzi, ndipo makolo anadinda zala m'munsi mwake. Loyamba linkati: lemba zimene waona, osati zimene buku lanena. Lamulo lachitatu linkati ntchito ya mnzako si yako. Lomaliza linkati wochedwa katatu asalowe mpaka atabwera ndi kholo. Awiri enawo anali a kusamba m'manja ndi kusalawa zinthu, ndipo sanavutitsepo munthu kupatula tsiku limene ankasungunula shuga m'madzi.

Lachisanu kunkabwera a Barnaba, woyendera sukulu wochokera ku Metangula, kudzaonera phunziro lomwelo. Pulano ya phunzirolo Mércia anali atatumiza kale sabata ziwiri zapitazo, ndipo inadindidwa. M'munsi mwake munali mzere umene anaulemba ndi dzanja lake: zotsatira, chitini chachiwiri sichimera. A Barnaba ankadziwika kuti amatsata pulano ndi chala, mzere ndi mzere, ndipo chala chikaima cholembera chimayenda.

Mércia sanali mwini malo pasukulupo. Ankagwirizira mphunzitsi amene anapita kukawonjezera maphunziro ndipo tsopano analembera kuti sabweranso. Malo anali amodzi, ofuna awiri, ndipo wogamula anali lipoti la Lachisanu. Asanabwere kuno anakhala zaka zitatu ku Lichinga ndi pepala la kukoleji m'sutikesi, akugulitsa kaunjika pamsika, kumapindira makasitomala malaya ndi manja amene anaphunzira kugwira maikulosikopu. Kumeneko ndi kumene anasiya mwana wake Luisa, wa zaka zinayi, kwa agogo ake. Malowo akanabwera ndi nyumba ya aphunzitsi, ya zipinda ziwiri ndi chitseko chokhoma. Mércia anali atayeza kale ndi maso pamene pangakhale kamphasa ka mwanayo. Lamlungu lapitalo, pafoni, Luisa anafunsa agogo ake kuti, "Kodi ndi a Mércia?" monga amamutchulira anthu oyandikana nawo.

Khobwe amafuna masiku khumi. Iye anali ndi awiri.

Chinamulimbitsa mtima n'chakuti naye anadzala zitini zake ziwiri kunyumba kumene ankachita lendi. Chachiwiri anachiika pamwamba pa kabati m'chipinda chake, ndipo m'mawa womwewo sanachiyang'ane chifukwa panalibe choyang'ana. Chitini chimodzi chouma chikanakwana. Akanachinyamula m'mwamba, ana n'kuona, chala cha a Barnaba n'kupitirira. Ataweruka anayenda mofulumira, pafupifupi kuthamanga, mpaka ana amene ankapita kunyanja kukatsuka mbale anaima kumuyang'ana.

Pamwamba pa kabati panalibe kanthu.

Mai Hermínia, eni nyumba, anali pakhonde akusenda chinangwa choviika, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi. Anali mayi wamkulu, wowonda, wa manja olimba ngati nkhafi.

"Amayi, chitini changa chimene chinali pakabati?"

"Chili kudimba."

"Chitini chili kudimba?"

"Chitini ndatsuka, chili apo. Khobwe ndiye ali kudimba. Wamera bwino, anayi mwa asanu."

Mércia anakhala pansi pakhondepo.

"Munayamba liti kuthirira?"

"Tsiku limene ndinalowa kudzasesa. Ndinati mwina mwana wa sukuluyu waiwala, ntchito yamuchulukira. Ndimathira pang'ono mukachoka, n'kubwezera pomwepo. Lero ndaona kuti mizu yapanikizana."

"Sindinaiwale, Amayi. Chinayenera kukhala chouma."

"Kuti chitani?"

"Kuti ana aone kuti mbewu simera popanda madzi."

Mai Hermínia anasiya mpeni.

"Pali mwana kuno amene sadziwa zimenezo? Mundisonyeze, ndikaone makolo ake."

"Kudziwa amadziwa. Koma sayansi imafuna kuti aone."

"Aone mbewu ikufa."

"Sikufa. Ikungokhala."

"Mumchenga, mwana wanga? Mbewu imakhala m'chiguduli, padenga, kudikira mvula. Mukaiika m'dothi mwailonjeza." Anatolanso mpeni uja. "Pamene tinkabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndinasokerera khobwe m'mphepete mwa chitenje. Panjira tinakhala masiku awiri osadya, khobwe ali m'chiunomu, mphika uli pamutu. Malemu amuna anga anandipempha, ana analira, sindinasosole ulusi. Khobwe amene mumadya pano ndi zidzukulu za yemweyo. Ndiye inu mwatenga njere zisanu mwaika pakabati kuti muzizionera ludzu."

"Amayi, mwandichotsa ntchito."

"Ndi madzi a m'kapu?"

Mércia anatenga chitini chotsukidwacho, chonyezimira, nambala 2 imene analemba ndi makala itafufutika, n'kumachitembenuza m'manja.

Lachinayi m'mawa anakagogoda kwa a Aristides, mkulu wa sukulu. Anali munthu wa zaka zambiri pantchito, wofatsa, amene anaona oyendera sukulu ambiri akubwera ndi kupita. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta magalasi, ndipo pamene Mércia anafika pa manyowa a nkhuku, anatsokomola kuti abise kuseka.

"Pulofesora, vuto lanu ndi limodzi. Munaphunzira kwambiri."

"Ndingalembe pulano ina, a Diretori?"

"Yodindidwa kale? Mukasintha, adzati simudziwa kukonzekera. Mukapanda kusintha n'kuonetsa munda umenewu, adzati simudziwa kulamulira kalasi. Mnzanu amene mukulimbirana naye malo anamuonera sabata yatha. Anaphunzitsa ziwalo za duwa pabolodi, ana anabwereza, belu linalira. Chala sichinaime."

"Ndiye nditani?"

A Aristides anatsegula kabati ya tebulo n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki kodzaza khobwe wouma.

"Uyu ndinagulira mayi akunyumba, koma adzadya tsiku lina. Mchenga uli kunyanja, dzuwa lilipo. Mawa m'mawa ana azule za mzere wachiwiri, athire mchenga wouma, aponyemo njere zisanu. A Barnaba afika naini koloko. Pali nthawi."

"Nanga makope?"

"Kope lili ndi masamba ambiri. Limodzi likachoka silidandaula."

"Lamulo loyamba la kalasi yanga, a Diretori..."

"Ndalidziwa, ndimaliona ndikamadutsa. Tandiuzani, mbewu imamera popanda madzi?"

"Ayi."

"Ndiye bodza lili pati? Amayi a kuno ndi amene ananamiza sayansi. Inu mukungoibwezera pamalo pake." Anakankhira kathumbako kwa iye. "A Barnaba sabwera kudzaona khobwe, mwana wanga. Khobwe ali naye kwawo. Abwera kudzaona pulano. Ine ndikufuna mukhale pano. Muli ndi mwana, eti?"

Mércia anatenga kathumbako. Kanali kopepuka, koma anakanyamula ndi manja awiri.

Pa nthawi yopuma anatuma ana anayi kukatapa mchenga ndi beseni, n'kuuyala pa chiguduli kuseri kwa kalasi. Sanawauze ntchito yake, ndipo iwo sanafunse, zimene zinasonyeza kuti adziwa. Ireni yekha anatsalira pamene anzake ankatuluka.

"A Pulofesora, chitini chouma chilipo chimodzi."

"Cha ndani?"

"Cha Yara. Ndinachiona dzana. Gwa, ngati mwala."

Mércia anatsegula buku la mayina. Pa dzina la Yara panali timizere tisanu ndi titatu totsatizana ta kujomba. Mtsikanayo anachedwa kachitatu tsiku lotsatira kugawa kwa njere, ndipo Mércia anamuimitsa pakhomo n'kumulozera lamulo lomaliza. Yara anawerama, anabwerera, kholo silinabwere. Mércia ankaganiza zofunsa, koma masiku onsewo mutu wake unali pa Lachisanu.

Yara yemweyu ndi amene analandira ziro mu Malichi. Tsiku limenelo aliyense anali ndi duwa la dzungu padesiki, ndipo iye anajambula duwa lokongola, la m'buku, lokhala ndi ziwalo zonse zimene duwa la padesiki pake linalibe. Mércia anadula chithunzicho ndi cholembera chofiira kalasi yonse ikuona. Mtsikanayo analira mwakachetechete mpaka belu. Kuyambira pamenepo sanalembenso chinthu chimene sanachione. Nyerere ikakhala ndi miyendo isanu chifukwa umodzi wathyoka, ankajambula isanu.

Kwa a Yara kunali ulendo wa ola limodzi kutsata gombe, kulowera cha ku Nkholongue. Mércia ananyamuka dzuwa lili pamutu. Mwera unkamuponyera mchenga m'maso, ndipo ngalawa zonse zinali pamtunda, zitagona chafufumimba. Panjira ankawerengera. Chitini chimodzi chenicheni, chouma masiku khumi ndi limodzi, chikanamupulumutsa osazula kanthu. Zitini zinazo akanazibisa kuseri, n'kunena kuti chitsanzo ndi chimodzi. Si bodza kwenikweni. Ndi kusankha chonena.

Anamupeza pa thandala loyanikira nsomba, akutembenuza usipa ndi kamtengo, mwana wamng'ono ali kumbuyo, wina atagwira chitenje chake. Yara ataona mphunzitsi wake anagwada pamchenga pomwepo, mwana ali kumsana.

"Dzuka, dzuka. Amayi alipo?"

"Amayi anamwalira chaka chatha, a Pulofesora."

Mércia anayang'ana usipa. Zimenezi zinayenera kukhala m'buku lina la sukulu, kapena m'mutu mwake.

"Nanga bambo?"

"Ali kumpoto ndi ngalawa ya eni ake. Anati abwera mwera ukatsika."

"Ndiye pakhomo pano wamkulu ndani?"

"Ndine."

"M'mawa umachedwa chifukwa cha awa?"

"Ndimayamba ndawaphikira phala, kenako ndimakawasiya kwa anansi. Nthawi zina anansiwo amakhala atapita kumunda, ndiye ndimadikira."

"Bwanji sunandiuze?"

"Lamulo silinena za chifukwa, a Pulofesora."

Sananene monyoza. Ananena ngati mmene akananenera kuti madzi amawira akatenthedwa.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zitini ziwiri ndi kope. M'choyamba khobwe anali ataima bwino, masamba anayi. M'chachiwiri munali mchenga woyera, wouma, wosakhudzidwa. Mércia anafukula pang'ono ndi chala n'kupeza njere, yolimba ngati tsiku limene anaigawa. Anatsegula kope. Masiku onse analipo, ngakhale amene mwini kope sanaloledwe kulowa m'kalasi. Chitini chachiwiri, palibe chasintha. Palibe chasintha. Palibe chasintha.

"Unachibisa kuti kuti asathirire?"

"Sindinabise. Chinali pawindo." Yara anakweza mwana amene ankatsetsereka kumsana. "Kwathu kuno kulibe wothirira."

Mércia anatseka kope n'kutola chitinicho. Kenako ananena zimene anabwerera, mofulumira, maso ali pamchenga.

"Mawa kukubwera alendo. Ndikufuna undibwereke chitini ichi ndi kope. Ndidzakubwezera Loweruka."

"Tengani, a Pulofesora."

"Zikomo."

"Koma akafunsa kuti n'cha ndani, mukanena kuti n'cha ndani?"

Mércia anatsegula pakamwa. Akanati n'cha Yara, a Barnaba akanafunsa kuti Yarayo aimirire, ndipo akanamva kuti mwana yekhayo amene anachita bwino ntchito ndi amene wakhala panja masiku khumi. Akanati n'chake, kapena cha kalasi, ana makumi anayi ndi awiri akanatembenukira kukhoma kumene kuli lamulo lachitatu. Yara ankadikira yankho, osaphethira, ngati mwana wofuna kulemba zimene amve.

Anabweza chitinicho.

"Chisunge. Ndaganiza zina."

"Ndalakwa, a Pulofesora?"

"Ayi. Tembenuza usipa wako, ungapse mbali imodzi."

Pobwerera mwera unali kumsana, ukumukankha ngati ukufuna afike msanga. Atayandikira sukulu foni inagwira netiweki n'kulira. Anali amayi ake.

"Zakonzeka za mawa?"

"Zakonzeka."

"Tikupemphera kuno. Luisa ndamuuza kuti mwezi wamawa akwera minibasi ya shapa kupita kunyanja. Wayamba kale kulongedza, waika nsapato imodzi ndi supuni m'jumbo. Lankhula naye."

Kunamveka kupuma kwa mwana, kenako mawu aang'ono.

"A Mércia, kunyanjako kuli nyumba yanga?"

"Iliko."

"Ya chitseko?"

"Ya chitseko."

Netiweki inathawa. Mércia anapita kuseri kwa kalasi, anagwira mchenga umene unali pachiguduli. Unali utauma bwino. Anaukokera pansi pa khonde kuti mame asaugwere.

Lachisanu ana anafika seveni koloko isanakwane, onse, atachapa mayunifomu. Palibe anachedwa. Zitini zinali m'mizere yake, ndipo usiku umodzi wokha khobwe anali atawonjezera msinkhu ngati akuchitira dala. Mércia anaika beseni la mchenga pansi, kathumba ka khobwe patebulo. A Aristides analowa atavala jekete la masiku a alendo n'kuima pafupi ndi bolodi, manja kumbuyo.

"Ana inu, mvetserani," anatero a Aristides, poona kuti Mércia sakuyamba. "Aliyense atenge chitini chake chachiwiri. Muzule zimene zilimo, mutaye mchenga wonyowa, muthire wouma uwu. A Pulofesora akupatsani njere zisanu."

Palibe anasuntha. Ireni anakweza dzanja.

"Tingathyole masamba a nthochi, a Diretori?"

"A chiyani?"

"Okulungira mbande. Tikazitaya, kunyumba sitikalowa."

"Thyolani, koma msanga."

"Nanga makope?"

"Mung'ambe tsamba limenelo, mulembe lina. Masiku onse mulembe kuti sichinamere."

Ireni anatsitsa dzanja, koma sanayang'ane a Aristides. Anayang'ana Mércia. Kalasi yonse inayang'ana Mércia, kenako ena, mmodzimmodzi, anayang'ana kukhoma. Pepalalo linali litayamba kuyera ndi dzuwa, ngodya imodzi itamatuka, zidindo za zala za makolo zili m'munsi ngati mapazi a nkhuku. Mnyamata wa manyowa uja anatsegula kope lake n'kugwira tsamba pamwamba, okonzeka kung'amba, akungodikira mawu a mphunzitsi wake. Ankaoneka kuti sizikumuvuta. Mércia anaona kuti akangogwedeza mutu, onse achita, mwaukhondo, mizere yowongoka, monga anawaphunzitsira.

Anamasula kathumba kaja. Njere zingapo zinagwa n'kugubuduka pasimenti. Ana atatu a kutsogolo anadumpha pamodzi kukazitola, n'kuzibweza patebulo, zonse, atazipukuta fumbi.

"Pulofesora, nthawi," anatero a Aristides motsitsa mawu. "Galimoto ikanyamuka ku Metangula sichedwa. Ganizani za mwana."

Ankaganiza za mwana. Ankaona nsapato imodzi ndi supuni m'jumbo. Ankaona msika wa Lichinga, chisanu cha m'mawa, mulu wa malaya a eni ake, ndi amayi ake akumasula jumboyo mwakachetechete Luisa atagona.

Pakhomo panagwa mthunzi. Anali Yara, mu yunifomu, mapazi oyera ndi fumbi la ulendo. Anali atanyamula zitini ziwiri, china dzanja ili china dzanja ilo, kope atalipana kukhwapa. Anaima pamene pakanakhala chitseko, zala za kumapazi zitafika pamzere wa simenti, osaudutsa.

"Ndabweretsa, a Pulofesora. Mwina mungachifune. Ine ndidikira panja."

A Aristides anayang'ana chitini choumacho, ndipo nkhope yawo inawala.

"Basi, Mulungu ndi wabwino. Chimenecho chikhale patsogolo. Ireni, landira." Kenako anakumbukira. "Iwe ndi uja wa lamulo lomaliza? Kholo lili kuti?"

"Kulibe, a Diretori."

"Ndiye ukadikire kuseri kwa ofesi, alendo asakuone panja. Siya chitini."

Yara anawerama kuti aike zitini pansi, mkati mwa khomo, iye ali kunja. Ireni anali ataimirira kale. Mnyamata uja anali akadagwira tsamba lake. Kutali, kumene msewu umatsika phiri, kunkaoneka fumbi, koma linali likadali kutali. Nthawi yozula, kuthira mchenga ndi kulemba masamba atsopano inalipo yokwanira.

Mércia anamanganso kathumba ka khobwe, mfundo ziwiri, n'kukapereka m'manja mwa a Aristides.

"Zikomo, a Diretori. Mukawapatse amayi akaphike." Anatembenukira ku kalasi. "Siya tsambalo. Zitini zikhala mmene zilili, makope mmene alili. Yara, nyamula zako ulowe, ukhale kutsogolo."

"Pulofesora," anatero a Aristides, "mukudziwa chimene mukutaya? Ndipo mwanayu alibe kholo. Lamulo ndi lanu lomwe."

Mércia anatola choko.

"Kholo lake ndine."